Mawaya Amene Ndinazula M'dzanja la Abambo

Abambo anga anakonza njinga pansi pa mtengo wa mthethe m'mbali mwa msewu wa tala pa Mtakataka kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo chimene chinawagwetsa si lole kapena minibasi, koma mbuzi. Ankayesa mabuleki a njinga ya munthu wina imene anali atangoikonza, mbuzi n'kudumphira mumsewu kuchokera kuseri kwa benchi ya tomato. Mabulekiwo anagwira bwino kwambiri. Iwo anauluka n'kukatera pa chikhatho cha dzanja lamanja. Mpaka imfa yawo, akamafotokoza nkhaniyi ankayamba ndi kunena kuti mabuleki aja anali abwino.

Unali mwezi wa Epulo, mpunga utayamba kufiira m'madambo. Ine ndinali nditabwerera pakhomo pa makolo miyezi isanu m'mbuyomo, ukwati utandikanika, mwana kumbuyo, chikwama chimodzi m'manja. Tsiku limene ndinafika, amayi anali ndi mafunso odzaza dengu. Abambo anangoyang'ana chikwamacho, n'kuchinyamula, n'kukachiika kuchipinda chimene ndinkagona ndili mtsikana. Sanandifunse kanthu tsikulo, ngakhale tsiku lina lililonse. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa chimene ndinadzachita pambuyo pake sichingamveke popanda izi, ngakhale kuti sizindichotsera mlandu.

Uthenga wa ngoziyo unandipeza ndili pamjigo. Nditafika ndinawapeza atakhala pa benchi yawo, atafungatira dzanjalo pachifuwa, akukalipira anthu amene ankafuna kulikoka kuti liwongoke. Pamene munthu amavala wotchi panali patakhota moti ine ndinayang'ana kumbali. Kuchipatala chapafupi anawajambula, anawamanga, n'kunena kuti kuthyoka kotereku n'kofunika madokotala a mafupa kuchipatala chachikulu m'tauni. Amayi sakanatha kusiya munda, chifukwa nyengo imeneyo ukausiya mpunga tsiku limodzi mbalame zimakukololera. Choncho wodikirira matendawo ndinali ine.

Dokotala wa mafupa anali bambo wamfupi, wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono. Anakweza chithunzi chija pawindo n'kutionetsa kuti fupa lalikulu la mkono linali litathyoka kumapeto kwenikweni, pafupi ndi mfundo, ndipo kachidutswa kakumapetoko kanali katapendekera kumbuyo. Anati kulikoka n'kulibwezera m'malo si nkhani, koma chikhakha chokha sichingaligwire, kachidutswako kangaterereke n'kubwerera komwe kanali. Ndiye ankafuna kulowetsa mawaya awiri achitsulo kudzera pakhungu, wina kuchokera kumbali ya chala chachikulu, wina kuchokera pamwamba pa dzanja, kuti akapingasane mkati mwa fupa n'kuligwira pamalo pake mpaka litamata. Nsonga za mawayawo zidzatsala kunja, zopindidwa, kuti tsiku lochotsa padzakhale pogwira.

Abambo nkhope inawala. Anafunsa kuti mawayawo ndi onenepa bwanji, ndipo dokotala anatulutsa mmodzi m'kabati n'kuwapatsa. Anamutembenuzatembenuza ndi dzanja lamanzere, kumuyesa kumupinda ndi chala, kenako n'kugwedeza mutu.

"Iyitu ndi sipoko, adokotala. Yabwino kuposa zimene timagula ife."

Dokotalayo anaseka n'kuvomera kuti sizisiyana kwenikweni. Ankangofuna kuwachotsa mantha. Koma kuyambira pamenepo, m'mutu mwa abambo, iwo ndi dokotalayo anali anthu a ntchito imodzi.

Sanawagoneke tulo powachita opaleshoni, anangouchititsa dzanzi mkono wonse ndi jakisoni. Atabwerera kuwodi, m'malo mobuula ngati anzawo, anandikhazika pansi n'kundifotokozera zonse. Anati wina anakoka zala, wina anagwira pachigongono, ndipo panali makina oonetsa mafupa pagalasi uku ntchito ikuchitika. Anamva kulira kwa kamakina koboolera. Chimene chinawasangalatsa kwambiri n'chakuti dokotala atalowetsa waya woyamba anayang'ana pagalasi paja, sanakhutire, anamubweza n'kumulowetsanso mopendeka pang'ono. Kwa abambo, munthu wobweza ntchito yake popanda womuuza ndiye mmisiri. Anafotokozera aliyense m'wodimo, ngakhale nkhalamba ina yogontha ya pabedi loyandikana nalo.

Tsiku lotuluka dokotala anatipatsa malangizo. Mkono unali m'chikhakha cha theka, chogwira pansi ndi m'mbali, pamwamba bandeji, kuti tizitha kutsuka pamene mawaya anatulukira. Anati mawayawo akhale milungu isanu ndi umodzi, osachepera. Anati ululu udzatha msanga ndipo munthu amadziona ngati wachira, koma fupa latsopano limayamba lili lofewa ngati phala, limauma pang'onopang'ono. Anatinso waya akhoza kumagwedera pang'ono pakhungu, zimenezo zisatinamize, mkati amakhala atagwirabe, ndipo tikaona mafinya kapena kutupa tithamangire kuchipatala. Mawu amenewa ndinawamva onse. Abambo nthawi imeneyo maso anali pachithunzi chatsopano, akusirira mmene mawaya aja anapingasirana.

Potuluka tinadutsa pachipinda china chimene chitseko chake chinali chotsekula. Munali mayi wina amene ankamuchotsa mawaya ngati omwewo. Wachipatala anangogwira nsonga ndi pulayala, kupotoza pang'ono, kukoka, waya n'kutuluka. Wachiwiri chimodzimodzi. Mayiyo asanamalize n'kutsinzina komwe, anali atamumata kale kathonje. Abambo anaima pakhomopo mpaka ndinawakoka malaya. Tili m'minibasi anandinong'oneza kuti pulayala ija inali yosasiyana ndi yawo, kungoti yawo mano ake anali abwinoko. Ndinaseka. Ndikakumbukira kuseka kumeneko ndimadzida.

Kunyumba sanakhale ngakhale masiku atatu. Anabwerera pansi pa mthethe, mkono atakoleka m'khosi ndi chitenje cha amayi, ine n'kumawagwirira tintchito ting'onoting'ono. Kumata machubu ndinkadziwa kuyambira kale, kusintha mabuleki ndinaphunzira mlungu womwewo. Koma chimene anthu ankabwerera kwa abambo kuchokera ku Golomoti, ena mpaka kumidzi ya kunyanja, kudutsa okonza njinga ena onse, chinali kuwongola gudumu. Limu, mkombero wachitsulo wa gudumu, ikapindika, iwo ankaizondotsa njinga, kuzungulitsa gudumu, n'kumakhwatcha masipoko ndi chikhadabo imodziimodzi, khutu lili pafupi. Ankadziwa pakulira kwake kuti iyi yakungika mopitirira, iyi yakhwepa. Kenako kakiyi kawo kakang'ono kokungira masipoko pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kupotoza pang'ono apa, kubweza pang'ono apo, mpaka gudumu lizizungulira ngati laima. Ntchito imeneyi sankalola munthu wina kuigwira.

Ndiye kukolola kunayamba. Njinga zinayamba kudutsa zitasenza matumba atatu a mpunga, ndipo nyengo imeneyo malimu amapindika tsiku ndi tsiku. Anthu ankafika, kupepesa za ngozi, kuyang'ana chitenje chili m'khosi, kuyang'ana ine, n'kukankha njinga zawo kupita kwa bambo wina wa kumsika amene ankawongola limu poiponda ndi phazi. Abambo ankamutcha wopha magudumu. Ankakhala pabenchi n'kumatsatira ndi maso gudumu lililonse lopepeluka mpaka litazimiririka, milomo ikuyenda yokha. Sankadandaula za chakudya, mpunga unalipo. Chinkawapweteka n'kuona ntchito ikuwonongedwa iwo ali pompo.

Ndinkawatsuka pamawaya paja masiku awiri aliwonse ndi madzi owiritsa othira mchere, monga anandionetsera anamwino. Mlungu wachitatu uli pakati, ndikumasula bandeji, iwo anatambasula dzanja lamanzere n'kukhwatcha nsonga ya waya wapamwamba ndi chikhadabo. Anapendeka mutu. Anakhwatchanso. Kenako anaigwira nsongayo, ndipo inatembenuka pang'ono.

Munthu aliyense amene anakhalapo pabenchi ya abambo ankadziwa lamulo lawo pa sipoko yokhwepa. Ankati kapena uikunge kapena uichotse, chifukwa siinyamula kanthu, ndipo ukaisiya imakankhira mkati n'kuboola chubu. Ankakalipira nalo makasitomala chaka ndi chaka. Tsopano anali atapeza sipoko yokhwepa m'thupi mwawo momwe, ndipo kuikunga kunali kosatheka. Anati fupa lamata, n'chifukwa chake waya wamasuka, ntchito yake yatha, chatsala n'kuwononga mnofu. Ululu unali utatha. Zala zinkayenda. Ndinawakumbutsa zimene ananena dokotala, iwo n'kuyankha kuti dokotala amanena milungu isanu ndi umodzi kwa aliyense chifukwa sangakhale ndi munthu aliyense kunyumba kwake n'kumamvetsera. Zinamveka zanzeru. Zonena za abambo zinkamveka zanzeru nthawi zonse, ndilo linali vuto lake.

Anandinyengerera masiku atatu. Tsiku lachinayi m'mawa amayi atapita kumunda, mwana wanga atamutenga, ndinawapeza kukhitchini akuwiritsa pulayala yawo mumphika wa tiyi. Anali ataikwecha ndi mchenga mpaka kuwala. Pambali anali ataika thonje ndi kabotolo ka sipiliti. Anakonza zonse mwadongosolo ngati mmene ankayalira zida zawo pa chiguduli m'mawa uliwonse.

"Mayi, tabwera undithandize," anatero. Ankanditcha choncho kuyambira ndili mwana.

"Abambo, kwangotsala milungu itatu."

"Milungu itatu mpunga udzakhala utatha. Ukakana ndizula ndekha ndi lamanzereli, ndipo ukulidziwa kuti ndi lopusa. Ndikhotetsa."

Sananene kanthu za chikwama chija, kapena za miyezi imene ndinadya pakhomo pawo osafunsidwa funso. Sanali munthu wotero. Koma ine ndinazikumbukira ndekha. Chibwerere changa anali asanandipemphe chilichonse, ndipo ichi chinali choyamba. Ndinasamba m'manja ndi sopo kawiri.

Tinakhala pakhonde la kuseri, dzuwa likuwala bwino. Anaika mkono pa mpando wa ndalema, ine ndinagwada. Waya wapamwamba uja, wogwederayo, anatuluka mosavuta, ngati kusolola udzu padenga. Panangotuluka kadontho ka magazi. Abambo anati, waona. Ndinagwira wachiwiri, wa kumbali ya chala chachikulu, n'kupotoza monga anachitira wachipatala uja. Sanasunthe. Ndinamva m'dzanja langa momwe kuti ameneyu wagwira, kuti pali chimene wanyamula. Ine si dokotala, koma munthu ukamazula msomali umadziwa ngati uli m'thabwa kapena m'dothi. Ndinaima, pulayala ili pomwepo. Ndinawayang'ana. Iwo ankayang'ana mtengo wa papaya, thukuta lili pamphumi.

"Usaime pakati," anatero.

Ndinakoka. Anatuluka wowongoka bwinobwino, akunyezimira.

Masiku awiri otsatira abambo anali munthu wosangalala. Amayi sanadziwe kanthu chifukwa bandeji tinaibwezera. Tsiku lachitatu anafika pansi pa mthethe, anavula chitenje m'khosi, anamasula chikhakha chija n'kuchiika pansi pa benchi. Kunabwera bambo wina ndi njinga yopindika gudumu lakumbuyo. Kuti alichotse panjinga panafunika kumasula nati, ndipo natiyo inali yadzimbiri. Ndinati ndimasule ine, iwo anandikankha ndi chigongono. Anagwira sipanala ndi dzanja lamanja n'kukanikiza. Sipanamveke kulira kulikonse. Anangosiya sipanalayo kugwa, n'kukhala pansi pafumbi, osati pabenchi, pafumbi penipeni. Nkhope inachita phulusa. Anamuuza mwini njingayo kuti apite nayo kumsika.

Pofika masana dzanja linali litatupa, ndipo kukhota kuja kunali kutabwerera. Ndinawapempha, ndinalira, kuti tikwere minibasi tsiku lomwelo. Anakana. Anati akamuyang'ana bwanji mmisiri mnzawo amene anabweza waya kuti ntchito ikhale yabwino, iwo n'kukaiphwasula ndi pulayala ya njinga. Anabwezera chikhakha chija okha, n'kumanga zolimba, n'kunena kuti likhala m'malo. Ndikanatha kuwauza amayi, ndipo amayi akanawakweza minibasi ngakhale powakoka khutu. Koma kuwauza amayi kunali kunena chimene ndinachita ine. Ndinakhala chete milungu itatu, ndipo pa zonse zimene ndinalakwa, kukhala chete kumeneku ndiye kumandiwawa kwambiri, chifukwa nthawi imeneyo fupa likanathekabe kubwezedwa.

Tinapita pa tsiku limene anatilembera, ngati anthu osunga malamulo. Dokotala anamasula bandeji, n'kuyang'ana. Kenako anafunsa kuti mawaya ali kuti.

"Ndinazula ndekha," anatero abambo.

"Ndi dzanja liti?"

Abambo anakweza lamanzere. Dokotala anayang'anitsitsa timabowo tija, tozungulira bwino, topanda pong'ambika. Kenako anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi. Atajambulanso anatiuza kuti fupa lamata, koma lamata lili chopendekera. Kuliwongola kunafunika kulidulanso n'kuikamo chitsulo chomangidwa ndi tizipikiri, ndipo ngakhale atatero sakanalonjeza kuti dzanja lidzabwerera mwakale. Abambo anathokoza mwaulemu n'kunena kuti lathyoka kawiri, lakwana.

Dzanjalo silinafe, koma silinalinso lawo lija. Silinkatembenuka kuti chikhatho chiyang'ane kumwamba, moti polandira chinthu ankapendeka thupi lonse. Chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira zinkachita dzanzi, ndipo zimenezo ndizo zala za kakiyi kaja. Anayesa kwa miyezi. Khutu linkamva bwinobwino sipoko yofunika kukunga, koma zala sizinkamva kuti zapotoza mochuluka bwanji, kakiyi kankagwa m'fumbi, nthawi zina sipoko n'kuduka. Tsiku lina ndinawaona akuzungulitsa gudumu limene analimbana nalo m'mawa wonse, likupepelukabe. Analiimitsa ndi bondo, anatola kakiyi, anakapukuta pa buluku, n'kundipatsa osandiyang'ana.

Kuyambira pamenepo tinkagwira awiri. Iwo ankakhwatcha ndi lamanzere n'kunena kuti iyi, pang'ono, bweza, basi. Ine ndinkapotoza. Anthu poyamba ankaseka kuona mzimayi ali chogwada pa gudumu, koma magudumu ankawongoka ndipo anabwerera. Tinagwira choncho zaka zisanu ndi zinayi. Sanandiyamikirepo ngakhale kamodzi. Gudumu likawongoka ankangoti lichotse, kukubwera lina.

Amayi anakhulupirira zimene anauzidwa, kuti abambo anazula okha. Ndipo amayi anga si munthu woiwala. Abambo akagwetsa kapu, akalephera kumanga batani, akapempha kuti awadulire nyama, amayi ankayamba: munthu wamkulu ndi ndevu zake, kudziyesa dokotala, kudzilemaza yekha chifukwa cha liuma. Ankanena pamaso pa alendo, ngakhale pamaso pa apongozi. Abambo ankangoti, mwanena zoona mayi, n'kupitiriza kulimbana ndi batani lawo. Ine ndinkakhala pomwepo, mbale ili pamwendo. Kangapo konse ndinatsekula pakamwa, ndipo nthawi zonse abambo ankandituma madzi akumwa.

Chaka chimene anamwalira anadwala miyezi inayi, matenda a mtima, miyendo kutupa. Masana ena ndinawatulutsa pakhonde lomwe lija la kuseri kuti apitidwe mphepo. Amayi anali kuchigayo. Ndinkawadula zikhadabo, ndipo nditafika padzanja lamanja ndinaona timabala tija tiwiri, toyera, tating'ono ngati njere za mpunga. Sindinakonzekere kulankhula, zinangotuluka. Ndinawauza kuti waya wachiwiri uja ndinamumva kuti wagwira, ndinadziwa, koma ndinakokabe. Ndinawapempha kuti andikhululukire.

Anakoka mpweya movutika.

"Nanenso ndinamumva," anatero. "Utangomugwira ndinamva mpaka m'chigongono kuti ameneyu sanakhwepe. Koma ndinali nditakuuza kale kuti ndikudziwa. Ndinachita manyazi kumuuza mwana wanga kuti ndalakwitsa, siya."

Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti pakhonde paja wodziwa ndinali ine ndekha. Tinali awiri, aliyense akudikira mnzake kuti anene mawu amodzi. Ndinalira ngati mwana, dzanja lawo lili m'manja mwanga. Iwo analitembenuza mpaka pamene linkathera kutembenuka, n'kuyang'ana timabalato.

"Koma unazula bwino, mayi. Sunakhotetse ngakhale pang'ono. Ndinadziwira pomwepo kuti uli ndi dzanja."

Ndiko kuyamikira kokhako kumene ndinalandira kwa abambo pa ntchito ya manja anga. Anamwalira patapita milungu iwiri.

Amayi akadali moyo. Akakumbukira amuna awo amalira, kenako amapukuta misozi n'kunena kuti koma liuma, mpaka kudzizula mawaya okha. Sadziwa kuwerenga, koma mwana wanga uja ndi mtsikana wamkulu tsopano, ndipo amawawerengera chilichonse chimene chafika pakhomo. Ndamuuza kuti chimene ndalembachi awawerengere ine ndili pompo.